Ma bearing a trailer akungopsa pa msewu wa ku Joni, vuto lili pati?

Phiri_Transport:
Abale anga a m'gulu lino, ndigawireniko nzeru. Ndimanyamula katundu wa anthu kuchoka ku Joni kupita ku Blantyre pa minibasi ya Quantum yokoka trailer ya ekiselo imodzi. Ulendo wathawu, titangodutsa Changara tikulowera ku Tete, wa lole amene ankatitsatira anayamba kutiyatsira magetsi kwinaku akuimba hutala. Nditaima ndinapeza tayala la kumanzere likufuka utsi, kachivundikiro ka pa hub (chitsulo cha pakati pa tayala momwe mumakhala ma bearing) kanagwa kalekale, girisi wasungunuka n'kumwazika rimu yonse. Titamasula tinapeza bearing yakunja yaphwanyika, timaroller tamwazikana, yamkati yakanirira pa spindle, nsonga ya ekiselo pomwe pamazungulira tayala, moti tinachita kuidula ndi tchizulo. Chondiwawa n'choti ma bearing amenewa anali atsopano. Anandiikira pa galaja ina kuno ku Joni ndisananyamuke, ndipo makanikoyo anamanga nati ya pa spindle mwamphamvu ine ndikuona. Kodi ndi ma bearing abodza, ndi kutentha kwa ku Tete, kapena girisi? Anzanga oyenda msewu umenewu mumatani kuti mufike bwino? Katundu ndi wa eni ake, ukagona pa msewu foni sisiya kulira.

Mphwanga_wa_Tembisa:
Mwadziyankha kale akulu. Anamanga nati mwamphamvu. Vuto ndi limenelo.

Dalitso_GP:
Ayi aise, usasocheretse anthu. Nati ukaisiya yolobodoka tayala limathawa. Ine ndinaona ndi maso angawa tayala la trailer likupitirira galimoto yoikoka pa N1 kufupi ndi Musina, mpaka kukalowa m'tchire. Yanga ndimamanga zolimba. A Phiri anangowagulitsa zinthu zabodza, masiku ano bokosi likhoza kulembedwa dzina lalikulu koma mkati muli zinyalala.

Gogo_Sipanala:
A Phiri, pepani ndi zomwe zinakuonekerani, tithokoze kuti wa loleyo anali maso. A Dalitso, ndikutsutsani mwaulemu, chifukwa ntchito imeneyi ndakalamba nayo.

Ma trailer ambiri ali ndi ma bearing a timaroller topendekeka. Iliyonse ili ndi mbali ziwiri: cone, yomwe ili ndi timaroller, ndi cup, yomwe imakhomeredwa mkati mwa hub. Pa tayala limodzi zimakhala ziwiri zoyang'anana, yaikulu mkati, yaing'ono kunja. Nati ya pakati ija ntchito yake si kufinya ayi, koma kuchepetsa mpata wa pakati pa ziwirizi. Chitsulo chikatentha chimakula. Mukamanga mpaka kumapeto m'mawa kukuzizira ku Joni, pofika ku Polokwane mpata watha, girisi wafinyidwa wachoka pakati pa roller ndi cup, chitsulo chayamba kudya chinzake. Chimatentha, chimakulanso, chimafinyananso, mpaka utsi.

Kamangidwe kake ndi aka. Mukalowetsa hub, mangani nati ndi sipanala kwinaku mukuzunguza tayala ndi dzanja, kuti ma bearing akhazikike m'malo mwake. Kenako siyani kuzunguza, masulani nati mpaka itaye mphamvu yonse. Imangeninso ndi zala zokha mpaka igunde. Ndiye yang'anani bowo la split pin. Ngati silikuyang'anana ndi mpata wa mano a nati, bwezani nati m'mbuyo pang'ono mpaka bowo lioneke. M'mbuyo, osati kutsogolo. Lowetsani pini yatsopano n'kupinda miyendo yake. Tayala lizizungulira mofewa, ndipo mukaligwira pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza muzimva ka pulei, kugwedera kwakung'ono kwambiri, komveka m'manja koma kosaoneka ndi maso. Pa ma lole muyezo wake ndi 0.025 mpaka 0.127 mm, ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Nati imagwira hub, pini imagwira nati kuti isamasuke. Mphamvu ya mkono wanu ilibe ntchito pamenepo.

Dalitso_GP:
Nanga tayala lomwe ndinaona likuthawa lija, madala?

Gogo_Sipanala:
Mukanaima n'kukayang'ana, mwina mukanapeza nati ili pa spindle chimangire. Bearing yakunja ikasweka, palibe chotsekereza hub, imangodumpha nati n'kutuluka ndi tayala lomwe. Ena amaika msomali kapena waya m'malo mwa pini, nati n'kumamasuka pang'onopang'ono. Ndipo musasokoneze nati ya pakatiyi ndi manati omangira rimu. Amenewo inde, mangani zolimba, ndipo muwabwereze mukayenda makilomita ochepa, chifukwa amalobodoka rimu ikakhazikika.

Achimwene_Indiana:
Moni nonse kuchokera kuno kozizira. Ndimakhala kufupi ndi South Bend, ndipo Elkhart, komwe amapanga makalavani ambiri a dziko lino la America, ndi chapafupi pomwepa. Likulu la Dexter, kampani yopanga ma ekiselo a ma trailer, lili komweko. Ine ndili ndi kalavani ya mtundu wa fifth wheel. Siikoleka pa kampira ka kumbuyo kwa galimoto ayi, mutu wake umakwera pamwamba pa bodi ya pickup n'kukoleka pa mbale ngati ija ya ma lole akuluakulu. Ndi nyumba yathunthu, bedi, khitchini, bafa, zonse zitakhala pa ma ekiselo awiri.

Zomwe anena a Gogo ndi zomwenso Dexter imalangiza. Pomanga koyamba amati mphamvu yomangira nati ikhale 50 ft-lb, imene ndi pafupifupi 68 Nm, uku ukuzunguza hub, kenako umasule, umange ndi zala, ubweze m'mbuyo mpaka bowo. Amatinso ma bearing azitsegulidwa, kutsukidwa ndi kuikidwa girisi watsopano pakatha miyezi 12 kapena mamailosi 12,000, chomwe chayamba kukwana. Mamailosi amenewo ndi makilomita 19,000 ndi pang'ono. Tsono a Phiri werengerani. Joni mpaka Blantyre kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi makilomita oposa 1,700. Kupita ndi kubwera mwatsala pang'ono kukwana 3,500. Ndiye kuti pa maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi mwamaliza kale zomwe wa kalavani kuno amayenda chaka chathunthu kapena kuposa, ndipo iye akuyenda pa msewu wosalala ndi katundu woyezedwa. Inu mawu oti kamodzi pachaka sakukukhudzani, muziwerenga makilomita.

Nambewe77:
Ine sindine makaniko, ndine mmodzi mwa otumiza katundu. Koma abambo inu mukuzungulira nkhani. Ma trailer anuwa timawaona ponyamuka. Firiji pansi, sofa pamwamba, mabedi, zigubu za mafuta ophikira, matumba a sopo, njinga yomangiriridwa kumbali, neti yakoka mpaka kutalika kuposa Quantum yomwe. Matayala ataphwathalala musanatuluke n'komwe pa geti. Ndiye muzinamizira kutentha kwa ku Tete?

Mphwanga_wa_Tembisa:
Mayi anena zoona zowawa.

Phiri_Transport:
Mayi Nambewe, sindikukana. Koma dziwani kuti mafuta ndimathira mayiko anayi, ma toll, mapepala a m'mabodala, chakudya cha anyamata. Ndikanyamula zomwe zalembedwa pa kachitsulo ka trailer zokha, ulendo subweza ndalama. Ndipo inu nomwe otumiza ndi amene mumabwera usiku tikunyamuka ndi kathumba kamodzi kokha, kathumbako n'kukhala 50 kg.

Wa_Poly_Chichiri:
Tiyeni tiike manambala kuti tisamangokangana. Ku South Africa trailer yopanda mabuleki ake imaloledwa mpaka 750 kg, kuphatikiza kulemera kwa trailer yomweyo. Yoposa pamenepo imafunika mabuleki, ndipo dalaivala amafunika laisensi ya EB, osati B. Tsono ambiri amagula yaing'onoyo n'kuwotcherera mabodi aatali, kuwonjezera masipuling'i, koma ekiselo ndi ma bearing ndi omwe aja a 750 kg. Sipuling'i yowonjezera imangobisa vuto, trailer imaoneka yowongoka koma bearing ikusenza zonse.

Mainjiniya ali ndi kawerengedwe ka moyo wa bearing ya ma roller, ndipo n'koopsa. Mukachulukitsa katundu kawiri, moyo wake sutsika ndi theka ayi, umatsika pafupifupi kakhumi. Ndiye bearing yoyenera kukufikitsani maulendo khumi imathera pa ulendo umodzi, ngakhale ikhale yeniyeni, yomangidwa bwino.

Chinanso ndi kukula kwa tayala. Pa liwiro la 100 km pa ola, tayala la Quantum la 195R15 limazungulira pafupifupi ka 765 pa mphindi. La trailer la mainchesi 13 limazungulira kupitirira ka 900. Kaja ka mainchesi 10 kamayandikira ka 1,100. Dalaivala kutsogolo akumva kuti galimoto ikuyenda mosavutika, koma kumbuyo ka bearing kakang'ono kakuthamanga kuposa ma bearing a galimoto yoikoka, katundu ali pamutu. Mukatsika kufika 80 mwapulumutsa zambiri.

Dalitso_GP:
80 kuchoka Joni mpaka Blantyre? Tikafika liti bwana?

Wa_Poly_Chichiri:
Mufika msanga kuposa amene wagona ku Changara akudikira spindle.

MaiAFaith:
Poti nkhani ya katundu yayambika, inenso ndidandauleko. Ndinatumiza firiji kwa mayi anga ku Chilomoni, inafika chitseko chitaphwanyika, munthu wake mpaka lero sayankha foni. Kodi m'gululi mulibe njira yoti tizidziwa onyamula okhulupirika?

Nambewe77:
Asisi, muzijambula katundu pokweza, ndipo mugwirizane za kuwonongeka musanapereke ndalama. Firiji izipita mu katoni yake, itaima, osati yogoneka pansi pa matumba.

Kabaza_Area25:
Ndifunse nawo, opita ku Lilongwe mukudzera Dedza kapena mukuzungulira Mwanza? Ndikufuna kutumiza injini ya njinga yamoto.

Phiri_Transport:
Wa ku Lilongwe amakhota akadutsa Moatize, kulowera ku Angonia, n'kutulukira pa Calomue kulowa Dedza. Ine ndimalowera Zobue ndi Mwanza chifukwa wanga ndi wa Blantyre.

Admin_Chimwemwe:
Abale, za onyamula okhulupirika ndi za misewu titsegulire nkhani yake payokha, ndipo tisatchule maina a anthu pano. A Phiri afunsa za ma bearing. A Dalitso anadzutsa ya ma bearing abodza, sinayankhidwe.

Sipeyala_Limbe:
Ndiyankhe ine, ndimagulitsa masipeyala. A Dalitso sananame, zabodza zilipo zambiri, ndipo amabera maina akuluakulu omwewo, SKF, Timken, NSK, Koyo, chifukwa ndi amene anthu amawakhulupirira. Bokosi amalikopera bwino moti ndi maso okha n'zovuta. Ndakhala ndikugwira zina zomwe zilembo zake n'zosalongosoka, khola la timaroller lopyapyala, ukapukuta mafuta n'kuzunguza pa cup ukumva kukhakhala. Koma zina n'zosalala ndithu, vuto lili mu chitsulo chenichenicho, chomwe sichinaumitsidwe bwino. SKF ili ndi app yotchedwa SKF Authenticate, umajambula bokosi ndi bearing n'kuwatumizira, iwo amakuyankha. Chophweka kwambiri ndi kugula kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo ku Joni alipo ambiri. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani.

Pogula musanene kuti ndikufuna bearing ya trailer. Pukutani yakaleyo, nambala yalembedwa m'mphepete. Ena ali ndi za mamilimita monga 30204, 30205, 30206, ena za mainchesi monga L44649 ndi L68149. Zina zimafanana pa maso koma zimasiyana ndi kachidutswa ka milimita, ndipo yolobodoka pa spindle imazungulira pomwe siyenera kuzungulira n'kudya spindle. Mugule cone ndi cup yake pamodzi, ndi seal yatsopano, kamphira kotsekera girisi kuseri kwa hub. A Phiri, funso langa ndi ili: makaniko uja anachotsa ma cup akale mu hub, kapena anangosintha ma cone?

Phiri_Transport:
Sindinaone akukhoma kalikonse mu hub. Anangopukuta ndi kansanza n'kulowetsa zatsopano.

Sipeyala_Limbe:
Ndiye mavuto anali awiri. Cone yatsopano pa cup yakale yodyeka siikhalitsa, timaroller timayenda pa mizere ya bearing yakufa.

Gogo_Sipanala:
Ndi ulesi umene wafala. Kuchotsa cup kumafuna kuleza mtima: umatembenuza hub, umapeza timipata kuseri kwa cup, umagogoda ndi punch mbali iyi, kenako mbali inayo, mosinthanasinthana mpaka igwe. Poika yatsopano osamenya ndi hamala mwachindunji. Ika cup yakale pamwamba pake kapena paipi yofanana kukula, ugogode mozungulira. Ikafika pansi kulira kwa hamala kumasintha, kumamveka kolimba. Ikatsala pang'ono osafika, idzakhazikika yokha pa msewu, ndipo pulei yomwe munaika bwinobwino idzasanduka kugwedera.

Chisomo_CapeTown:
Koma zonsezi zotsegulatsegula n'zachikale. Trailer yanga ili ndi nipo pa spindle, ndimangopopa girisi ndi gun ulendo uliwonse mpaka atuluke. Sindinatsegulepo.

Achimwene_Indiana:
A Chisomo, pamenepo ndi pamene anthu amakanganirana kwambiri kuno. Ya Dexter amaitcha E-Z Lube. Spindle ili ndi bowo pakati, girisi amalowa pa nipo, amakatulukira kumbuyo pakati pa seal ndi bearing yamkati, n'kubwerera kutsogolo kudutsa ma bearing onse awiri, akukankha wakale kuti atuluke cha pa nati. Nzeru yake ndi yabwino. Koma tayala liyenera kukhala pa jeke, uzilizunguza uku ukupopa pang'onopang'ono ndi gun ya pamanja, osati ya mpweya. Ukapopa mwaphuma, kapena seal yakalamba, girisi amasankha njira yapafupi, amaboola seal n'kulowa mu dramu ya mabuleki. Iwe kunja ukungoona kuti girisi akulowa, ukusangalala.

Mnzanga wina wa kutchalitchi anandipempha kuti timuonere fifth wheel yake chifukwa mabuleki sankagwira potsika mtunda. Titachotsa dramu tinapeza ma shoe anyowa girisi, maginito a mabuleki akuda bii, zonse zaterera. Shoe yomwa girisi siitsukika, tinasintha mbali zonse ziwiri za ekiselo. Kalavani yolemera chonchija yopanda mabuleki imakankha pickup ndi banja lonse lili mkati.

Ndipo nipo sikuonetsa chilichonse. Siingakuuzeni kuti cup yachita timaenje, kuti roller yasanduka yabuluu chifukwa cha kupsa, kuti mwalowa madzi. Dexter yomweyo imati ngakhale uli ndi E-Z Lube uzitsegulabe n'kuona. Ine ndimatsegula chisanu chikatha, tisanayambe maulendo.

Chisomo_CapeTown:
Yanga ilibe mabuleki, ndiye za ma shoe sizikundikhudza.

Mphwanga_wa_Tembisa:
Koma seal ikaphulika fumbi ndi madzi zikulowa pomwepo achimwene. Tasuzumirani kuseri kwa tayala, mukaona girisi wamwazika mkati mwa rimu ndiye kuti yapita.

Boti_Monkey_Bay:
Za madzi ndiyankhulepo ine wa kunyanja. Trailer ya boti imafa ndi madzi, osati katundu. Umachoka ku Blantyre, kudutsa Zomba, Liwonde, Mangochi, ma hub atentha bwino. Ukafika n'kubweza trailer m'madzi nthawi yomweyo, mpweya wa mu hub umazizira mwadzidzidzi n'kukoka madzi kudzera pa seal. Ukadzatsegula upeza girisi wasanduka woyererako, wamadzimadzi, timaroller tili ndi madontho a dzimbiri. Ife timadikira kaye, kumasula zingwe, kulongedza boti, ma hub azizire. Enafe tinaika tizivundikiro ta sipuling'i totchedwa Bearing Buddy, timasunga girisi ali wopanikizika pang'ono kuti madzi asapeze polowera. Koma timeneti ndi ta ma trailer olowa m'madzi, si mankhwala a trailer ya katundu. A Phiri, inunso nthawi ya mvula mukawoloka madzi ofika pa hub, dziwani kuti zomwezi zikhoza kuchitika.

Tchona_Leeds:
Ndikufuna kuwateteza pang'ono a Dalitso, chifukwa pali ma trailer ena omwe iwo akulondola. Makalavani ambiri kuno ku UK ali pa chassis ya AL-KO, ndipo bearing yake ndi imodzi yotsekedwa, yobwera ndi girisi wake mkati, yokanikizidwa mu dramu ndi press. Siitsukidwa, siipakidwa girisi, ikayamba kulira kapena kugwedera umangosintha. Nati yake ilibe mano, ilibe split pin, imamangidwa ndi torque wrench mpaka 290 Nm, ndipo imagwira ntchito kamodzi kokha. Ukaimasula umataya, umaika yatsopano. Tsono munthu akatenga malangizo a a Gogo n'kumanga nati imeneyo ndi zala, wapha anthu. Ndipo akatenga 290 Nm n'kuika pa bearing ya a Phiri, safika ku Pretoria. Ma trailer ochokera kuno amabwera kumudzi m'makontena, choncho yambani mwadziwa mtundu womwe muli nawo.

Dalitso_GP:
Mwaona? Si kuti ndimalota.

Gogo_Sipanala:
Zikomo a Tchona, mwakonza bwino. Ndinanena za nati ya mano ndi pini. A Dalitso, yanu ili ndi pini kapena ilibe?

Dalitso_GP:
Ili ndi pini. Koma sinandipserepo.

Gogo_Sipanala:
Mukafika pa Kranskop pa msewu wa N1 ulendo ukubwerawu, ikani dzanja pa hub mudzatiuze.

Phiri_Transport:
Nanga girisi madala? Uja anandiikira anatapa m'chidebe chopanda dzina, wachikasu.

Gogo_Sipanala:
Girisi si mmodzi. Alipo wa calcium wakale uja, wabwino pa mapini ndi masipuling'i, koma amasungunuka cha m'ma 100°C, mu hub sakhalitsa. Gulani wolembedwa kuti ndi wa wheel bearing, lithium complex, NLGI 2. Ameneyo amapirira kupitirira 200°C asanayambe kuyenderera. Wogulitsidwa m'timapepala pamsika musiyeni, simudziwa kuti ndi wanji ndipo mchenga walowamo kale. Osasakaniza mitundu. Ina ikakumana imasanduka madzi, ina imauma. Mukasintha mtundu, tsukani zonse.

Kupaka kwake ndi kumene ambiri amalephera. Amangopaka kunja kwa bearing n'kudzaza hub mpaka pakamwa. Tsukani bearing mu palafini ndi kaburashi, iume bwino. Ngati muli ndi kompuresa musazunguze bearing ndi mpweya, imatha kuphulika m'manja. Iyang'aneni padzuwa, roller iliyonse, cup yonse: timaenje, mizere, mtundu wabuluu kapena wofiirira, mukaona chimodzi tayani. Ikakhala bwino, ikani chibulumwa cha girisi pa chikhatho chamanzere. Gwirani bearing ndi dzanja lamanja, mbali yaikulu pansi, muzikanikiza m'mphepete mwa girisi ngati mukumupala pang'onopang'ono. Bwerezani pamalo amodzi mpaka muone girisi akutumphuka pamwamba pakati pa timaroller. Ndiye sunthani pang'ono, bwerezaninso, mpaka mwazungulira yonse. Pakani pang'ono pa cup, pang'ono mkati mwa hub, pang'ono pa mlomo wa seal. Hub yodzaza thothotho imatentha chifukwa girisi amangovundulidwa alibe kothawira, ndipo ndi imene imakankha kachivundikiro n'kukagwetsa pa msewu.

Chonde pogwira ntchitoyi musadalire jeke yokha. Tsekerezani tayala linalo ndi miyala kapena matabwa, ikani sitandi pansi pa chassis. Ndaona anthu akulowetsa mutu pansi pa trailer yodzaza itakhala pa ka jeke ka galimoto yaing'ono pa mchenga.

Za kutentha kwa ku Tete, inde mu October kumapitirira 40°C, koma mabasi ndi ma lole amadutsa tsiku ndi tsiku ma hub ali bwinobwino. Dzuwa limangomalizitsa bearing yomwe inali ikudwala kale.

Mphwanga_wa_Tembisa:
Ine chizolowezi changa n'chimodzi. Ndikangoyenda makilomita 30 kapena 40 oyamba ndimaima, ndimagwira hub iliyonse ndi kuseri kwa dzanja. Kenako paliponse pothira mafuta, pa bodala, pogula chakudya. Yofunda ndi yabwino. Yoti dzanja silikupirira, kapena imodzi yotentha kuposa inzake, sindipitirira. Bearing siimafa mwakachetechete, imayamba yatentha, kungoti ife tili kutsogolo ndi wailesi sitimva kulira kwake.

Achimwene_Indiana:
Timakina toyezera kutentha tolozera patali tija n'totsika mtengo, ndimayenda nato. Kungoti pa trailer ya mabuleki, ukangotsika mtunda wautali dramu imatentha ndi mabuleki, ndiye uyerekeze mbali ndi mbali usanaweruze bearing.

Phiri_Transport:
Ndamva abale. Funso lina: spindle ija inakalika pomwe tinadula ndi tchizulo, ndipo yasintha mtundu. Pa msewu tinaipala ndi sandpaper n'kuika bearing ina kuti tifike. Wowotcherera wina akuti akhoza kuidzaza ndi welding n'kuisema pa lathe. Ndichite?

Sipeyala_Limbe:
Ine ayi.

Wa_Poly_Chichiri:
Spindle yomwe yapsa mpaka kusintha mtundu yafooka kale, ndipo welding imawonjezera moto pamalo omwe amasenza katundu yense. Ikadzathyoka sidzachenjeza ngati bearing. Yesani izi: lowetsani cone yatsopano. Iyenera kulowa mokanikiza ndi dzanja, osagwedera. Yang'ananinso pomwe pamayenda seal, pakakhala mzere wakuya seal yatsopano siigwira. Ndi mmene mwafotokozeramo, gulani ekiselo ina, ndipo popeza mwanena nokha kuti katundu simungachepetse, gulani yoyenera katunduyo, ya mabuleki, kapena trailer ya ma ekiselo awiri, mapepala ake akonzedwenso moyenera. Ndi ndalama, koma firiji imodzi ya eni ake ikagwa pa msewu mulipira zoposa pamenepo.

Gogo_Sipanala:
Ndipo m'galimoto muzisunga seti yathunthu ya tayala limodzi: ma bearing awiri ndi ma cup ake, seal, mapini, washer, nati, kachivundikiro, girisi, palafini pang'ono ndi nsanza. Ma bearing muwapakiretu girisi kunyumba n'kuwamanga mu jumbo yoyera. Amene angathe, hub yathunthu yokonzeratu ndiye yabwino koposa, chifukwa kukhoma cup m'mbali mwa msewu, mphepo ikuuluza mchenga, ndi kuyambitsa vuto lina.

Tenti_ndi_Mipando_Zomba:
Ndawerenga zonse, zikomo. Yanga siyenda maulendo aatali, ndimanyamulira matenti ndi mipando ya maukwati m'tauni momwemu. Yaima panja chiyambire mvula, udzu wamera mpaka m'matayala. Nyengo ya maukwati yayandikira. Popeza siinayende, ma bearing ali bwino eti?

Boti_Monkey_Bay:
Ayi mayi, yoima ndi imene imachita dzimbiri. Girisi amatsikira pansi, chinyezi chimalowa, timaroller timasiya mizere pa cup pomwe tatsamira miyezi yonseyi.

Gogo_Sipanala:
Ikwezeni pa jeke, zunguzani tayala khutu lili pafupi. Mukamva kukhakhala kapena kugunda, sinthani. Ngakhale ikhale chete, tsegulani muone mtundu wa girisi musanakweze mipando. Chaka chamawa mvula ikamayamba muikhazike pa masitandi matayala asagunde pansi, kapena muziikankha pang'ono mwezi uliwonse.

Tenti_ndi_Mipando_Zomba:
Seal nditha kubwezera yomweyo ngati ikuoneka bwino?

Gogo_Sipanala:
Ayi. Kuti mutulutse bearing yamkati muyenera kuichotsa seal, ndipo pochotsa imapindika ngakhale maso asaone. Pitani nayo kusitolo ngati chitsanzo, mugule ziwiri, mbali iliyonse yake.